Msilikali Akatula Mfuti Agwire Chiyani?

Mawu amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mwezi uno. Tawalemba monga anawanenera kuti amene anali kumaliro ndi kudimba awamve nawo.



Pa msonkhano wapitawo mayi wina anaimirira nafunsa kuti, "Ana athu amene abwerako ku usilikali tiwatani? Kodi adzangokhala pa bawo mpaka imvi?" Funsolo munandisenzetsa ine kuti ndikalifufuze. Lero ndabwera nalo, koma poyamba mundilole ndinene chimene ndinaona ndi maso angawa.

Chaka chatha ana a sukulu yathu anamenya mpira ndi ana a sukulu ya kutsidya. Wezulo tinampatsa mnyamata wina wa pamsika, osati chifukwa anadziwa malamulo, koma chifukwa ndiye anali ndi wotchi. Itatsala pang'ono kutha, iye anapereka penate yosadziwika mutu wake. Miyala inayamba kuuluka, ndipo ife aphunzitsi, ndinene zoona, tinali kuyang'ana kothawira. Pamenepo bambo wina wa m'mudzi uno, amene anapuma usilikali ali sajeni, analowa m'bwalo wopanda ngakhale ndodo. Anafuula kawiri kokha. Ana anakhala pansi m'mizere, akulu anataya miyala, mpira unatha bwino. Sabata yotsatira ndinapita nawo bambowa kwa okonza mpikisano kukapempha kuti aziyimbira masewero athu. Anatifunsa funso limodzi: "Pepala lawo lili kuti?" Iwo anatulutsa kabuku kawo kopumira ntchito, kosonyeza zaka zoposa 20 za utumiki wopanda banga. Anatiyankha kuti limenelo ndi pepala la mfuti, si la wezulo ayi. Ndinabwerera nditakwiya, koma usiku ndili gone ndinavomera kuti anthu aja sananame. Kuletsa ndeu ndi kwina, kudziwa malamulo 17 a mpira ndi kwinanso.

Tsono tamverani za ku America, kumene vuto limeneli analiganizira kale. Kumeneko asilikali okwana ngati 200,000 amavula yunifolomu chaka ndi chaka. Pa 22 June 1944, nkhondo ya Hitler isanathe n'komwe, Pulezidenti Roosevelt anasaina lamulo limene alitcha G.I. Bill. Lamulolo linati Boma lilipirire sukulu msilikali wobwera kunkhondo, limpatsenso ndalama ya chakudya pamene akuphunzira. Pofika 1956 anthu 7.8 miliyoni anali ataphunzira ndi thandizo limeneli, ena ku yunivesite, ambiri ku maphunziro a ntchito zamanja ndi ulimi. Taonani nzeru yake: sanayembekeze kuti asilikali afike kwawo ndi kuyamba kusowa chochita. Anakonzeratu khasu mlimi asanafike.

M'masiku athu ano nzeru yomweyo yalowa m'masewero. Kuli bambo wina dzina lake Mike Pereira, amene kwa zaka zambiri anali mkulu wa oyimbira onse mu ligi yaikulu ya NFL. Mpira wa NFL si wathu uno ayi. Ndi uja wosongoka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja, osewera atavala zisoti. Bamboyu anaona zinthu ziwiri zoyang'anana. Mbali ina kunali asilikali opuma osowa pogwira, ena ogona m'misewu. Mbali ina kunali masukulu osowa oyimbira, pakuti anthu atopa ndi kutukwanidwa ndi makolo a ana. Bungwe loyang'anira masewero a m'sekondale za dzikolo linalengeza mu 2022 kuti oyimbira ngati 50,000 anali atasiya m'zaka zochepa chabe. Pereira anayambitsa bungwe lotchedwa Battlefields to Ballfields, ndiye kunena kuti kuchoka kubwalo la nkhondo kunka kubwalo la mpira. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Msilikali wopuma akalembetsa, bungwelo limamlipirira maphunziro, limamgulira yunifolomu ndi zipangizo, limamlipirira ndalama ya umembala wa gulu la oyimbira a m'dera lake, ndipo limampatsa woyimbira wakale woti aziyenda naye. Chomalizachi ndicho ndachikonda koposa. Ine ndinaphunzira uphunzitsi ku koleji, koma amene anandiphunzitsa kuima pamaso pa ana 90 ndi mayi wina wachikulire amene kalasi yake inali yoyandikana ndi yanga.

Kulinso bungwe lina, Soldiers to Sidelines, limene anayambitsa Harrison Bernstein, munthu amene anagwirapo ntchito yolimbitsa matupi a osewera mu NFL. Ilo limaphunzitsa asilikali ndi opuma usilikali ukochi kwaulere, ndi kuwapatsa setifiketi. Ndiponso Boma lawo lili ndi dongosolo lotchedwa SkillBridge, lolola msilikali kuti masiku 180 omaliza a utumiki wake akawathere pa kampani kapena bungwe kuphunzira ntchito, malipiro ake a usilikali akulandirabe. Motero munthu amatuluka pa geti la balaki ali ndi pepala kale, ndiponso ali ndi anthu omudziwa kunjako.

Koma abale anga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndisakunamizeni kuti aliyense wolandira setifiketi amafika mu ligi yaikulu. NFL ili ndi matimu 32 okha, ndipo oyimbira ake onse ndi anthu ngati 120. Ochuluka amathera pa masewero a ana ndi a sekondale, kulandira kangachepe pa Loweruka, ndipo amene akwera amakwera pang'onopang'ono, zaka khumi kapena kuposa. Za kusewera kumene ndiye n'zovuta zedi. Alejandro Villanueva anamenya nkhondo ku Afghanistan katatu, nabwera kudzasewera mu timu ya Pittsburgh Steelers kuyambira 2015. Koma za iye zimanenedwa chifukwa n'zosowa. Mnzake Nate Boyer anayesedwa ndi Seattle Seahawks chaka chomwecho ali ndi zaka 34, ndipo anamubweza ligi isanayambe. Thupi limene lasenza chikwama ndi mfuti zaka zambiri silipikisana ndi la mnyamata wa zaka 22. Chotero ntchito zenizeni za msilikali wopuma zili m'mphepete mwa bwalo: kuphunzitsa, kuyimbira, kulimbitsa matupi a osewera, kusamala ovulala, kusunga bata pa geti, kuyendetsa timu.

Inu anyamata ovala malaya a Manchester United, kodi mukudziwa kuti amene anaikweza timu yanuyo anachokera ku balaki? Matt Busby anali wosewera mpira, ndipo pa nkhondo ya Hitler anamuika kukhala mlangizi wolimbitsa matupi a asilikali. Mu 1945 anatula yunifolomu natenga timu imene bwalo lake linali litaphwanyidwa ndi mabomba, ndipo mu 1968 anatenga nayo chikho cha ku Ulaya. Winanso ndi Walter Winterbottom, mphunzitsi wa sukulu monga ine, amene anatumikira m'gulu la nkhondo la ndege. Mu 1946 anakhala kochi wa England, ndipo ndiye analimbikira kuti makochi aziphunzira ndi kulemba mayeso. Akatswiri ena a nthawi imeneyo anam'seka, amvekere mpira saphunzira m'kalasi. Lero palibe timu yaikulu imene ilemba kochi wopanda pepala.

Nanga kwathu kuno? Agogo anga aamuna anali m'Keyala, ndipo anafika mpaka ku Burma. Anabwera ndi mamendulo, jasi lolemera, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka manda. Setifiketi ya ntchito sanabwere nayo. Iwo amene anakamenya nkhondo ya Chiwaya mu 1914 mpaka 1918 anabwera opanda kanthu koposa apo. Koma taonani chimene anthu amenewa anachita popanda wowatuma. Anatenga pelete wa ku balaki namusandutsa gule. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa ku Dowa ndi Ntchisi, beni wa ku Mangochi, onsewa ali ndi mizere, maudindo, yunifolomu yoyera ndi kumvera mtsogoleri, ndipo mizu yake ili ku usilikali. Ngati makolo athu anatha kuphunzitsa mudzi wathunthu kuponda phazi limodzi, popanda Boma kuwapatsa ngakhale tambala, kodi adzukulu awo angalephere kuphunzitsa ana khumi ndi mmodzi kupatsirana mpira?

Ndiponso asilikali athu si alendo pa mpira. Kuli Moyale Barracks ku Mzuzu, Red Lions ku Zomba, MAFCO ku Salima, ndi Kamuzu Barracks ku Lilongwe, imene inatenga ligi yaikulu ya dziko lino mu 2016. M'mabalaki muli anthu amene athamangitsa anzawo m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, odziwa kumanga bala ndi kunyamula wothyoka mwendo. Ena a iwo anakasungitsa mtendere ku Congo kuyambira 2013. Kumeneko mu November 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni, mwa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations linamlemekeza ndi mendulo mu 2019. Mu January 2025 tinatayanso ena atatu. Akufawo timawaimirira mphindi ya chete mwezi wa November, titavala duwa lofiira pachifuwa, ndipo n'koyenera. Koma amoyo amene anabwera nawo pa ndege yomweyo, tikuwaimirira ndi chiyani?

Ndikudziwa kuti pali mafunso, ndipo ena ndawamva kale pa chigayo. A Msungichuma athu afunsa kuti ndalama zichokera kuti. Yankho langa ndi lakuti sitikupempha sukulu yatsopano. Bungwe la mpira la FAM limachititsa kale maphunziro a makochi ndi oyimbira, kuyambira chiphaso choyambira mpaka ziphaso za CAF. Chimene chimalepheretsa munthu wa kumudzi ndi fizi, thiransipoti, malo ogona, ndi jombo. Zimenezo ndi zomwe Pereira analipira, sanamange nyumba ayi. Anthu atatu kapena anayi pa chaka a m'dera lino sangagwetse thumba la chitukuko.

Funso lina ndi la amayi, ndipo ndi lolemera. Iwo akuti, kodi mwana wanga ndim'pereke kwa munthu wozolowera kukalipa? Amayi, mwanena zoona. Si msilikali aliyense angakhale ndi ana. Ena anabwera ndi mabala osaoneka, salota bwino, mowa wawagwira. Amenewo afunika chipatala ndi chifundo chathu poyamba, wezulo pambuyo. Ndipo ngakhale wabwinobwino ayenera kuphunzira kuti mwana wa Sitandade 5 si likuluti. Kumlamula kuti adumphe ngati chule chifukwa waphonya chigoli si kuphunzitsa mpira. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuumirira pa maphunziro, osati kungowagawira mawezulo. Setifiketi imateteza msilikali kwa om'kana, imatetezanso mwana kwa msilikali.

Chachitatu palibe wandifunsa, koma ndidzifunsa ndekha pamaso panu, pakuti ife ndife a ndale. Ndani adzagwira ndandanda wa maina? Lamulo la 1944 lija linali labwino pa pepala, koma analisiya m'manja mwa maofesi ndi mabanki a m'madera, ndipo kumwera kwa America asilikali akuda anatsekeredwa kunja. M'chigawo cha Mississippi mu 1947, pa ngongole zoposa 3,000 zimene Boma linaikira kumbuyo asilikali opuma, anthu akuda analandira ziwiri zokha. Anamenya nkhondo imodzi, koma pogawa anawaiwala. Kuno sitisankhana khungu, koma tili ndi matenda athu: mwana wa mlongo, mlamu, wa chipani chathu. Munaona momwe makuponi a feteleza ankayendera usiku. Ine ndikuti msilikali sanafunse khadi la chipani pamene anatilondera, ndipo ife tisam'funse. Maina awerengedwe poyera, pansi pa mtengo uno, mafumu ali pomwepo. Ngati nthambi yathu idzaika m'bale wa mlembi patsogolo, mudzandichotse pa mpando, ndipo mawu amenewa alembedwe m'buku.

Tsono, a Wapampando, pempho langa kwa msonkhano ndi ili. Tilembe kalata ku komiti yathu ya m'boma ndi kwa phungu wathu, yopempha kuti fizi ndi ulendo wa asilikali opuma ofuna maphunziro a ukochi ndi kuyimbira zilipiridwe, ndi kuti nkhani ya kuphunzitsa msilikali ntchito asanatuluke m'balaki ikafike ku Nyumba ya Malamulo. Kalata inzake ipite kwa oyendetsa mpira m'boma lino kufunsa tsiku ndi mtengo wa maphunziro otsatira. Pamene tikudikira mayankho, ndalankhula kale ndi a komiti ya sukulu, ndipo avomera kuti bwalo likhale lotseguka Lachitatu ndi Lachisanu masana, kuti abambo amenewa ayambe kuthandiza aphunzitsi, mphunzitsi ali pomwepo. Buku la malamulo a mpira ndili nalo limodzi. Tidzawerenga pamodzi lamulo limodzi pa sabata, ndipo la ofusayidi tidzalipatsa masabata awiri. Amayi amene anatumikira usilikali asatsale, pakuti timu yathu ya atsikana ya ntchemberembaye ilibe woiphunzitsa chichokere mphunzitsi uja anasamutsidwa.

A sajeni aja ndawaona akhala apo pafupi ndi a Gulupu. Anandiuza dzulo kuti maso awo sawerenganso zilembo zazing'ono, ndipo akuopa mayeso. Ndawalonjeza kuti ndidzawawerengera mokweza. Ena onse amene munavalapo yunifolomu, kapena muli ndi wotere pakhomo panu, mundipeze pa tebulo ili msonkhano ukatha, mubwere ndi kabuku kopumira ntchito. Amene muli kutali, maina afike kwa ine lisanafike Loweruka la mawa, chifukwa kalata inyamuka Lolemba ndi a Wapampando.