Thukuta la Usiku kwa Amayi Osiya Kusamba



Kunyanja kuno, mayi akadzuka usiku thukuta lili kamukamu, timafulumira kunena kuti ndi malungo. Koma ngati zaka zake zili pakati pa 45 ndi 55, ndipo akampima malungo sapezeka, kawirikawiri chifukwa chake ndi kusiya kusamba: mahomoni otchedwa estrogen achepa m'thupi.

Mankhwala obwezeretsa mahomoniwa alipo, ngakhale sapezeka m'zipatala zonse. Kafunseni ku chipatala chachikulu cha Mangochi, ndipo musagule panokha. Mayi amene sanachotsedwe chiberekero amafunikanso progestogen woteteza chiberekerocho. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, mankhwalawa samuyenera.

Mukaonanso magazi patapita chaka chathunthu chisiyireni kusamba, amayi, musachite manyazi. Pitani kuchipatala msanga akakupimeni khansa.