Kangaude si amene wadya ntchito zathu

Awa ndi mawu amene tinalankhula pamsonkhano wathu, tawalemba kuti amene bando inawathera asanamve voisi awerenge okha.

Pali nyimbo imene mabwana ayamba kuikonda. Ntchito yaikulu ikachedwa, kaya ndi hotelo ya kunyanja, kaya malo a zisangalalo, amati olakwa ndi malamulo a zachilengedwe. Akuti pakanapanda mapepala a kauniuni aja, bwenzi tonsefe titalembedwa ntchito kalekale. Nyimboyi amaimbira ife dala, poti akudziwa kuti munthu amene digiri yake ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi sachedwa kuvomereza. Enafe tili ndi zaka 24, pepala tinatenga, koma ndalama ya minibasi timapemphabe kwa amayi. Ndiye wina akati pali kachilombo kakutchinga ntchito, mtima umati kaphedwe basi.

Tisanaphe kachilomboko, tamvani zimene zinachitika ku England, kwa eni ake mapaki.

Mu 2012 analengeza kuti amanga paki yaikulu ya zisangalalo pamalo otchedwa Swanscombe, m'mbali mwa mtsinje wa Thames m'chigawo cha Kent, kufupi ndi London. Ndi malo aja a makatungwe amagetsi, timasitima tokwera m'mwamba n'kutsika mwaliwiro, mahotela ndi zamafilimu, ngati Disneyland. Anaikapo dzina la kampani ya mafilimu ya Paramount. Ndalama zake ankati mapaundi 2 biliyoni, kenako zinakwera kufika 3.5 biliyoni. Ntchito ankalonjeza 27,000. Achinyamata a kumeneko nawonso anawerengera zala ngati mmene timachitira ife.

Mu 2014 boma la Britain linaika ntchitoyi m'gulu la ntchito zofunika kudziko lonse, kutanthauza kuti chilolezo chikachokera kuboma lalikulu, osati kukhonsolo. Njira anawalambulira. Koma chikalata chopempha chilolezocho kampani inakachipereka kumapeto kwa 2020. Werengani nokha: kuchokera 2012, zaka 8 zikungotha, tsiku lotsegulira likungosunthidwa, Paramount inachokapo mu 2017 n'kudzabweranso mu 2019. Nthawi yonseyi malowo anali asanaikidwe pansi pa chitetezo chimene anthu amachinena lero.

Chitetezocho chinabwera mu Malichi 2021. Bungwe la boma la Natural England linati malowa ndi apadera, ayenera kusungidwa. Chodabwitsa n'chakuti kale panali mafakitale a simenti, ankatayapo zinyalala zake, koma anthu atachokapo chilengedwe chinabwerera: mbalame, zomera, ndi tizilombo tosowa, kuphatikizapo kakangaude kodumpha kamene ku Britain konse kamapezeka malo awiri okha. Mu Malichi 2022 kampani inabweza yokha chikalata chake, n'kunena kuti idzaperekanso china. Sinabwerenso. Mu Januwale 2025 khoti la ku London linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe chifukwa cha ngongole, ndipo amene anaikokera kukhotiko ndi Paramount yemweyo.

Tisanamizane, lamulo linachedwetsadi. Malo akatetezedwa, pulani iyenera kujambulidwanso, ndipo kauniuni wa zamoyo sachitika sabata imodzi. Mbalame zina zimabwera nyengo yozizira yokha, tizilombo tina timaoneka nyengo yotentha yokha, dambo uyenera kuliona madzi atadzaza komanso ataphwa. Chaka chimatha ukungowerenga. Kenako anthu okhala pafupi ayenera kufunsidwa, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita kukhoti. Zonsezi zimadya miyezi. Koma mwini ntchito wanzeru amazidziwa asanayambe, amaziika pakalendala yake. Amene ali ndi ndalama zenizeni chaka chimodzi sichimugwetsa. Uyu wa ku Swanscombe zaka zambiri anaziwononga yekha, thumba linali lobooka, ndiye kangaude anangosenza mlandu. Nyuzi zinakonda nkhani ya kangaude poti ndi yoseketsa. Nkhani ya ngongole siseketsa.

Mukuti nanga ife zikutikhudza bwanji, paki ya azungu? Zikutikhudza chifukwa sewero lake ndi lomweli. Kumbukirani mapaipi a madzi ochokera kunyanja ku Salima kubwera ku Lilongwe. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti chifukwa ntchito inkafuna kuyamba kauniuni wa zachilengedwe asanachitike. Panali phokoso, ena ankati maloya akudana ndi chitukuko. Koma milandu itatha, kodi madzi anafika mawa lake? Zaka zinapitabe, nkhani itasanduka ya kumene kuchokere ndalama. Akanayamba ndi kauniuniyo, mlanduwo ukanachokera kuti?

Lamulo tili nalo. Environment Management Act ya 2017 inakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo ntchito zazikulu ziyenera kuyamba zaunikidwa mmene zikhudzire chilengedwe ndi anthu, chimene amachitcha ESIA. Mawu akuti anthu tawatsindika dala. Lipoti limenelo siliwerenga mitengo yokha. Limayenera kunena kuti asodzi adzakocheza kuti mabwato awo gombe likatchingidwa mpanda, zonyansa za m'zimbudzi za hoteloyo zidzapita kuti, amene achotsedwe pamalo adzalipidwa chiyani. Kwa mwana wa mphawi, pepala limeneli ndi malo okhawo pamene malonjezo a bwana amalembedwa n'kusainidwa. Zolankhula pa podiyamu zimapita ndi mphepo.

Ndipo a ku Blantyre safunika kuuzidwa zambiri. Anaona mu Malichi 2023 matope akutsika phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy, Chilobwe ikukwiririka. Madzi safunsa kuti chilolezo anasaina ndani. Nyanja yathunso si dziwe wamba: paki ya ku Cape Maclear ili pamndandanda wa UNESCO kuyambira 1984 chifukwa cha mbuna, nsomba zimene alendo amalipira ndege kudzaziona. Ukaipitsa madziwo pofuna kumanga msanga malo a alendo, alendowo adzabwera kudzaona chiyani?

Ife sitikudana ndi zisangalalo, aise. Tikufuna malo oti tidzapite ndi ana athu Loweruka, tikufuna ntchito za uinjiniya, zophika, zamagetsi, zaakawunti. Tikukana kutigwiritsa ntchito ngati chibonga chomenyera lamulo. Ndipo a MEPA nawonso amve: kuchedwa kwa kuwerenga mbalame tikukumvetsa, koma fayilo kugona padesiki miyezi chifukwa komiti sinakumane, kumeneko si kuteteza chilengedwe ayi. Lipoti likalowa, anthu adziwe tsiku limene lalowa ndi tsiku limene yankho lituluke.

Ndiye wina akabwera ndi zithunzi zokongola za pakompyuta, nduna itanyamula fosholo yomangidwa riboni, musathamangire kuombera m'manja. Mufunseni kuti ESIA ili kuti, inachitika liti, anafunsa mudzi uti. Mufunseni banki imene yasaina. Mufunseni kuti mwa ntchito akunenazo, zingati ndi za miyezi 6 yosenza simenti ndipo zingati ndi zokhalitsa. Akakana kuonetsa, lamulo la Access to Information likugwira ntchito kuyambira 2020, tilemba kalata.

Malipotiwa amakhala aatali, a Chingerezi chouma, ndipo amadalira kuti palibe adzawerenge. Pagulu pano tili ndi anthu amene anaphunzira zachilengedwe ku LUANAR, zamadzi ku MUST, zamalamulo ku Zomba, onse ali pakhomo. Amene mungathe kuwerenga lipoti n'kulifotokoza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pamasamba awiri, lemberani admin dzina ndi maphunziro anu lisanafike Lachisanu. Enanu tumizani uthengawu kumagulu a kwanu, makamaka a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay.