Ntchito ya Ofufuza Miliri ku Kadoma ndi ku Chegutu



Midzi ya Kadoma ndi Chegutu, imene kufikira 1982 inkatchedwa Gatooma ndi Hartley, ndi yodziŵika bwino kwa ana a Malaŵi. Makolo ambiri anadza kuno kudzagwira ntchito m'migodi ya golidi monga Cam and Motor, m'mapulazi ndiponso m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Adzukulu ao akhala m'makomboni monga Rimuka ndi Pfupajena, kumene kolera wapha anthu ambiri.

Mu 2008 ndi 2009 anthu oposa 98,000 anadwala kolera m'Zimbabwe, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Ku Kadoma kokha anadwala 6,393. Mu January 2018 nthendayi inapha anthu anayi ku Chegutu, ndipo mliri waukulu wa 2023 unayambira m'mudzi womwewo m'mwezi wa February.

Pa nthaŵi yotere anthu amayamika dokotala ndi namwino, ndipo nkoyenera. Koma alipo wantchito wina amene sadziŵika kwenikweni, ndiye wofufuza miliri. Iye salinda odwala kuchipatala. Amayenda khomo ndi khomo, nafunsa kumene banja litunga madzi, chimene linadya, ndi maliro amene linapitako. Mafunso omwewo amafunsanso anansi amene sanadwale, nalinganiza mayankho a mbali ziŵirizo. Chimene odwala anachita, koma osadwala sanachite, ndicho chimaonetsa njira ya nthenda. Ntchito yotere anaiyamba ndi John Snow ku London mu 1854, pamene anaŵerenga akufa nyumba ndi nyumba, napeza kuti ambiri anamwa madzi a pampu imodzi ya pa Broad Street.

Mu 2011, pamene matenda otsegula m'mimba anabuka ku Kadoma, ofufuza a ku University of Zimbabwe pamodzi ndi a zaumoyo a mzindawo anatsata njira yomweyo. Mwa zinthu zimene anazipeza kuti zimafalitsa nthenda munali zinyalala zokhala pafupi ndi nyumba, ndiponso kusamba m'manja anthu onse m'beseni limodzi. Ku Chegutu mu 2018 kunapezeka kuti kolera anafala pa maliro.

Apa mpamene nkhaniyi ikhudza atsogoleri a mpingo. Beseni lija limayamba kwa mlendo ndi kwa akulu, ndipo mwana amasamba pomalizira m'madzi amene onse asambamo. Mwambowu ndi waulemu, koma kachirombo ka kolera sikadziŵa ulemu. Kuthirirana madzi oyenda ndi kapu, pamodzi ndi sopo, kumasunga ulemu womwewo ndi kupulumutsanso mwana. Momwemonso pa maliro a munthu wofa ndi kolera, kusambitsa mtembo kuyenera kusiyidwa m'manja mwa a zaumoyo, ndipo ophika asakhudze mtembo kapena zofunda zake. Mau ameneŵa ndi olemera kwa banja lolira. Namfedwa angaŵalandire msanga pakamwa pa mbusa kapena mkulu wa mpingo kusiyana ndi pakamwa pa mlendo wa boma.

Wofufuza nayenso alibe chida china choposa choonadi chimene anthu amuuza. Banja likabisa wodwala chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa choopa kufunsidwa zikalata za unzika, monga amaopera ena a mabanja ochokera ku Malaŵi, chiŵerengero chimasokera, ndipo chitsime choipa chimapitirira kumwedwa. M'buku la Levitiko wansembe ndiye anali kuona wodwala nthenda ya pakhungu ndi kulamula za kumpatula. Lero ntchito imeneyo ili ndi eni ake ophunzira, koma udindo wa wansembe sunathe.

Chifukwa chake nthumwi zipemphedwa kubwerera ku mipingo ndi mau aŵa: wofufuza akafika pakhomo, alandiridwe ndipo auzidwe zoona, ndipo pa chakudya cha msonkhano, cha ukwati ndi cha maliro, madzi osamba m'manja akhale othira, osati a m'beseni limodzi.