Mphaka Ndiye Mlonda wa Nkhokwe

Ife lero tiri ndi kankhani ka mphaka. Ena mwayamba kale kuseka, koma pano pa Mtunthama mphaka ndiye mlonda wa nkhokwe, ndiponso amagona pamphasa imodzi ndi ana athu. Akadwala timati ndalama za fodya sizinabwere, basi nkungotola chimene chiri m'nyumba. Ife wathu tinamutaya chotero. Tinamumwetsa theka la panado, ndipo sanathe masiku awiri. Alangizi a ziweto anatiuza kuti panado ndi poizoni kwa mphaka, chimodzimodzinso mankhwala opopera fodya amene ena amamuthira pofuna kupha utitiri.

Tsono musanagule kanthu, yambani mwafunsa alangizi a ziweto a boma. Akalengeza katemera wa chiwewe, amene kawirikawiri amakhala waulere, musapite ndi agalu okha iai. Mphakanso muikeni m'dengu, muvundikire bwino, mupite naye. Chiwewe chikaonekera pa munthu sichichizika. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo mphindi 15, nimuthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti bambo abwere kuchokera kuchigafa.