Mimbulu ya pa chilumba cha Isle Royale

Lero tikupita kutali, ku America, pa nyanja ya Superior pamene pali chilumba cha Isle Royale, chotalika makilomita oposa 70. Pachilumbachi pamakhala mimbulu yotuwa ya kumaiko ozizira, yaikulu kuposa yathu yamawangamawanga ija. Ndiwo yake yaikulu ndi moose, chinyama cha miyendo italiitali chimene chimalemera mpaka makilogalamu 400 ndi kuposa.

Mimbulu inafika pachilumbachi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, itayenda pamwamba pa nyanja itaundana ndi chisanu. Mu 1958 katswiri wina, Durward Allen, anayamba kuwerenga nyama ziwirizi, ndipo ntchitoyo inapitirira m'manja mwa Rolf Peterson ndi John Vucetich a ku Michigan Technological University. Nthawi yozizira amauluka pa kandege n'kumalondola mapazi. Nthawi yotentha amatolera mafupa m'nkhalango. Mafupawo anaonetsa kuti mmbulu sugwira mwachisawawa. Umasankha ana a moose ndi nkhalamba zodwala nyamakazi, chifukwa moose wamphamvu akakumenya ndi mwendo, nthiti zimathyoka.

Poyamba akatswiri ankaganiza kuti nyama ziwirizi zidzafika pokhazikika, iyi kuchepetsa iyo, basi. Sizinatero ayi. Mu 1980 mimbulu inakwana 50, koma pofika 1982 inatsala 14 yokha chifukwa cha matenda a agalu otchedwa parvovirus. Adani atachepa, moose anachuluka mpaka kupitirira 2,000, nadya kwambiri mitengo ing'onoing'ono. Kenako mu 1996 kunagwa chisanu choopsa, njala ndi nkhupakupa zinawapeza ali ofooka kale, ndipo anatsala pafupifupi 500.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi nkhani ya madzi oundana aja. Pachilumba, mimbulu imakwerana pachibale, ndipo yambiri inayamba kubadwa ndi misana yopunduka. Mankhwala ake anali mlendo. Mu 1997 mmbulu wamphongo unaoloka kuchokera ku Canada, ndipo ana ake anabweretsa mphamvu zatsopano kwa zaka zingapo. Tsono dziko likutentha, nyanja siikuundana pafupipafupi ngati kale, choncho alendo anasiya kubwera. Pofika 2016 panatsala mimbulu iwiri yokha, bambo ndi mwana wake wamkazi, amenenso anali obadwa kwa mayi mmodzi. Tangoganizani. Palibe mlenje anaombera mfuti, palibe anatchera msampha, koma banja lonse linatha.

Akuluakulu osamalira malowa anakangana kwa nthawi yaitali. Ena ankati chilengedwe chisiyidwe chidzionere chokha. Ine ndili kumbali ya amene anati tikonze, chifukwa kutentha kumene kunadula njirayo ndi ntchito ya manja athu anthufe. Pakati pa 2018 ndi 2019 anasamutsirako mimbulu 19, ndipo inaswana bwino. Mu 2024 inalipo pafupifupi 30, pamene moose anali atatsika kufika pa 840. Chaka chomwecho akatswiri anadukiza kalembera wawo, popeza kunafunda kwambiri moti madzi oundana amene kandege kawo kamaterapo sanali olimba.