Maca Ali ndi Mlingo Wake: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mankhwala a Makolo









Lero ndi pa 31 August, tsiku limene mayiko a mu Africa akhala akukumbukira mankhwala a makolo kuyambira m'chaka cha 2003.

Kalata yondiitana itandipeza, ndinadzifunsa ngati akonzi a mwambowu sanasocheretse kalata ya wina. Zaka zanga zonse za ntchito ndathera pa zenera la mankhwala m'zipatala za boma, kuwerenga mapiritsi ndi kulemba pa timapepala kuti awiri m'mawa, awiri madzulo. Nanga munthu wa mapiritsi akatani pa tsiku la mizu ndi makungwa? Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti ine ndi inu tinayamwa bere limodzi. Kwinini amene anapulumutsa makolo athu ku malungo anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa kumapiri a Andes. Mankhwala a malungo a LA amene tikupereka lero gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa chotulukira mphamvu ya m'chitsambacho. Kuti khungwa lija lifike pa zenera langa, panapezeka anthu amene anakhala pansi n'kuyeza kuti wochiritsa ndi mlingo uwu, wovulaza ndi uwu. Nkhani yanga lero ndi ya mlingo.

M'mawa uno mwandiyendetsa m'matebulo a chionetsero. Ndaona gondolosi, nimu, chammwamba, chidede ndi ufa wa malambe. Amenewa ndi eni mudzi, timawadziwa ndi mayina a agogo awo. Koma pa matebulo angapo ndapezanso mlendo mnzanga, ufa wofiirira m'timapaketi tonyezimira. Amalemba maca, potchula timati maka. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kakuthwa kamameta bwino, komanso kamatema wochigwira mosasamala.

Mwezi wathawu ndinalowa m'kasitolo kena mutauni, ndinatola paketi ya maca n'kufunsa mnyamata wogulitsa kuti kamwedwe kake n'kotani. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku imvi zangazi, n'kumwetulira, amvekere: "Madala, zimatengera mphamvu zimene mukufuna. Ena amathira masupuni awiri, ena anayi." Ndinatembenuza paketiyo. Panalibe dzina la wopanga, panalibe tsiku lothera mphamvu, panalibe kulemera kwake. Panali chithunzi cha hatchi ndi nambala ya WhatsApp basi. Mnyamatayo sindikumuda, nayenso anangolandira katundu. Koma ndinatuluka ndili ndi chisoni, chifukwa ufa unafika kwathu kuno, mwambo wake unatsala kwawo.

Kwawo kwa maca ndi ku Peru, ku South America, m'zigawo za Junín ndi Pasco. Amamera pamtunda wa mamita 4,000 mpaka 4,500. Kuti mumvetse, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye kuti minda ya maca ili pamwamba kuposa Sapitwa ndi mamita pafupifupi 1,000 kapena kupitirira. Kumeneko kumagwa chisanu, mphepo siipuma, chimanga sichingayerekeze. Akatswiri a zomera anamupatsa dzina lakuti Lepidium meyenii m'chaka cha 1843, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mpiru, kabichi ndi repu. Chimene amadya ndi tsinde la pansi, lokhala ngati kambatata kozungulira, lachikasu, lofiira kapena lakuda.

Tsono mvetserani mmene eni ake amachitira. Akakumba, amayanika padzuwa kwa masabata ambiri mpaka agwe gwa ngati mwala. Pofuna kudya, amaviika n'kuwiritsa nthawi yaitali, kenako n'kuphika phala kapena chakumwa. Wamuwisi amamuotcha m'dzenje la moto. Kwa iwo maca ndi chakudya, ndipo amakhulupirira kuti wosaphika amavuta m'thupi.

Ife a kunyanja zimenezi sitingazidabwe. Agogo anga aakazi ankalima chinangwa chowawa. Akazula, ankasenda n'kuviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako kuyanika pa thandala, kusinja, ndiye tidye kondowole. Tsiku lina ndili mwana ndinatola kachidutswa kachiwisi pa lichero kuti nditafune. Anandimenya padzanja mpaka kanagwa, n'kunena kuti: "Chimenecho sichinagone m'madzi!" Mawu akuti cyanide, ululu wa m'chinangwa chowawa, sanawamvepo, koma ankadziwa kuti chinangwa chodumphitsa mwambo chimapha. Ku Nampula, kwa anansi athu a ku Mozambique, m'chaka cha chilala cha 1981, anthu ambiri anapuwala miyendo chifukwa njala inawakakamiza kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Maca alibe ululu wa chinangwa, ndisakuopsezeni. Koma phunziro lake ndi lomwelo: mbewu iliyonse imayenda ndi malamulo ake, ndipo wotenga mbewu ayenera kutenganso malamulowo.

Tsopano mlingo. Anthu a kumapiri aja amatha kudya mpaka magalamu 20 a maca wouma patsiku, koma wowiritsa, ngati chakudya chimene anakulira. Ufa ndi makapisozi amene akugulitsidwa kuno ndi nkhani ina. Kafukufuku amene anachitika pa anthu anagwiritsa ntchito kwambiri magalamu 1.5 mpaka 3 patsiku, kwa masabata 12 mpaka miyezi 4. Magalamu 3 ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, yosadzaza mpaka phiri, yosalaza ndi mpeni. Ngati kapisozi mmodzi ndi mamiligalamu 500, ndiye makapisozi 3 mpaka 6 pa tsiku lonse. Ndibwereze kuti a kumbuyoko amve: supuni yaing'ono imodzi pa tsiku lonse, osati pa kapu iliyonse. Woyamba kumene ayambe ndi theka, athire m'phala la m'mawa, aone mmene thupi likulandirira. Ikakwana miyezi itatu kapena inayi, apume.

Pali wina kumbali uko ndikumuona akugwedeza mutu, mumtima akuti ndikathira zinayi ziyenda msanga. Ndimuyankhe ndi zimene anapeza eni ake a mbewuyi. Dokotala Gustavo Gonzales wa pa yunivesite ya Cayetano Heredia mumzinda wa Lima anapatsa abambo 9 maca kwa miyezi 4, ena magalamu 1.5, ena magalamu 3. Mu 2001 analengeza kuti mbewu ya abambowo inachuluka, koma kuchulukako sikunatengere kuti wina wamwa wambiri kapena wochepa. Mu 2002 anatulutsa zotsatira zina: abambo a zaka 21 mpaka 56 ananena kuti chilakolako cha m'banja chinakwera, koma patatha masabata 8, osati usiku womwewo, ndipo homoni ya testosterone sinasinthe. Kafukufukuyu ndi wa anthu ochepa, sitingamangirepo nyumba. Komabe akutiuza zinthu ziwiri: maca sachita changu, ndipo kuwonjezera supuni sikuwonjezera mphamvu. Kumangopyapyalitsa thumba. Kwa alongo athu amene akugula ufawu pa Facebook pofuna kukuza mbina ndi mahipi, ndinene mwaulemu kuti palibe kafukufuku wodalirika amene anaonetsa kuti maca amadziwa njira ya kumeneko.

Nanga wopyola mlingo amakumana ndi zotani? Ena amadandaula za kutupidwa, mpweya ndi kupotokola m'mimba, makamaka akamamwa ufa wosaphika. Ena mutu umawawa, mtima sukhazikika, tulo timathawa, n'chifukwa chake kumwa madzulo si nzeru. Ku Czech Republic, ofufuza anapatsa anthu onenepa, a vuto la shuga ndi mafuta m'magazi, magalamu 0.6 okha patsiku kwa masiku 90, ndipo anaona BP itakwera pang'ono, komanso chizindikiro china cha chiwindi m'magazi chitakwera. Ngati kachidutswa kochepa chotero kanagwedeza anthu odwala kale, nanga masupuni anayi a mnyamata uja? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso anthu amene ndikupempha kuti musawagulitse maca ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, ayi. Mwana, ayi. Mayi amene ali ndi khansa ya m'mawere, ya m'chiberekero, kapena zotupa za m'chiberekero, ayi, chifukwa matenda amenewa amayendera mahomoni ndipo madokotala amalangiza kuwapewetsa maca. Munthu wa chithokomiro asamale kwambiri: maca, monga abale ake mpiru ndi kabichi, ali ndi zinthu zimene zimasokoneza kagwiritsidwe ntchito ka ayodini m'thupi zikachuluka, makamaka kwa amene sadya mchere wa ayodini. Ndipo aliyense amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga, a mtima, a TB kapena ma ARV, ayambe wanyamula paketiyo kukaonetsa kuchipatala. Safunsa anadya phula.

Choopsa chachikulu ndachisungira kumapeto, ndipo si maca mwini wake. Ndi zimene anthu osaopa Mulungu amabisa m'dzina lake. Popeza maca weniweni sachita changu, ena amathiramo mwakabisira mankhwala a kuchipatala kuti wogula aone zodabwitsa usiku womwewo n'kubweranso mawa. Bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, lapeza kambirimbiri mankhwala a mphamvu za abambo a sildenafil ndi abale ake m'khofi, mu uchi ndi m'makapisozi olembedwa kuti ndi zachilengedwe zokhazokha. Mu 2016 linachenjeza za khofi wina amene pa paketi pake panalembedwa maca pakati pa zitsamba zina, koma m'kati munali mankhwala a mtundu umenewu. Sildenafil akakumana ndi mankhwala ena a mtima, BP imagwa mwadzidzidzi, munthu n'kukomoka, mwina osadzukanso. Choncho paketi ikakulonjezani kuti pakatha mphindi 30 muona zina, dziwani kuti amene akugwira ntchitoyo si muzu wa ku Junín.

Amayi ndi abambo, ndisakuchedwetseni, magule akudikira. Ndili ndi mapempho ochepa.

Kwa inu asing'anga ndi ogulitsa: katundu wopanda dzina la wopanga, kulemera kwake ndi tsiku lothera mphamvu musamulandire. Werengani ngati ndi ufa wamba, ufa wophika kale, kapena wofinyidwa kuti ukhale wamphamvu, uja amalemba 10:1, chifukwa wofinyidwayo mlingo wake ndi wochepa kwambiri kuposa supuni ndanena ija. Wogula akakufunsani kamwedwe, muuzeni mlingo, ndipo mumufunse ngati ali ndi pakati, ngati akudwala, ngati akumwa mankhwala ena. Kasitomala amene mwamubweza lero chifukwa chomukonda, mawa adzabwera ndi anzake asanu. Agogo athu asing'anga ankati kamuzu aka uviike m'kapu imodzi, umwe masiku atatu, usadye thelere. Ankapereka mankhwala pamodzi ndi malamulo ake. Ulemu umenewo musautaye chifukwa cha paketi yonyezimira.

Kwa akuluakulu a boma: mu 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo lomwe linabala bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ndipo tilinso ndi bungwe la MBS loona za miyezo ya katundu. Tikupempha kuti maso awo afike m'misika, m'madepoti a basi ndi pa intaneti pomwe malondawa akuchitikira, komanso kuti aphunzitse ogulitsa asanayambe kulanda katundu.

Kwa anzanga a m'zipatala: wodwala akaulula kuti akumwa zitsamba, tisamukalipire. Tikamuchititsa manyazi, ulendo wina adzabisa, ndipo tidzachiza mu mdima.

Kwa mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo: nkhani zakuchipinda anthu amachita nazo manyazi, n'chifukwa chake amagula mobisa n'kumwa mobisa. Auzeni abambo kuti kufooka kwa m'banja nthawi zambiri ndi belu la shuga, BP kapena matenda a mtima. Amene akuzimitsa belulo ndi ufa, matendawo akumudya mwakachetechete. Apite akayezetse.

Ndipo kwa aliyense amene ali ndi paketi ya maca kunyumba: mukafika, tengani supuni yaing'ono ya tiyi, muisunge pambali pa paketiyo, supuni yaikulu ija muibwezere ku ndiwo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wokumbukira Tsiku la Mankhwala a Makolo m'boma lino watsegulidwa.