Machona athu anasema miyala, ife tawasungira chiyani?

Awa ndi mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi achinyamata pa boma la Mchinji.



Ndiyambe ndi funso. Ndani muno amene kubanja kwawo kulibe mtchona? Ine malume anga anakwera lole ya Mthandizi ndili wakhanda, ulendo wa ku mafamu a fodya ku Southern Rhodesia. Anatumiza bulangete limodzi ndi makalata awiri, basi. Mpaka lero manda awo sitiwadziwa. Tikamakamba za machona timangokumbuka thukuta ndi misozi, koma lero ndikufuna mudziwe kuti ena mwa iwo anatchuka kunjako, ife kuno tili chigonere.

Mu 1965 a Ian Smith atadzilengezera okha ufulu, maiko ambiri anakana kuchita nawo malonda ndipo fodya anasowa msika. Mlimi wina wachizungu, Tom Blomefield, wa pa famu ya Tengenenge kufupi ndi Guruve, anasowa chowapatsa antchito ake. Mu 1966 mmisiri wina, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa kuti mwala wa m'phiri la pafamupo ndi wosemeka. Antchito aja, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, anasiya makasu n'kutenga nyundo ndi tchizulo. Mwa oyamba munali Lemon Moses, Mchewa wa kuno ku Malawi. Munalinso Amali Malola, Myao wa kwathu konkuno.

Koma amene ndikufuna mumusunge pamtima ndi Fanizani Akuda, mwana wa a Phiri, Mchewa wa tsidya ilo la Zambia. Anabadwa mu 1932 ndipo sukulu sanaione. Mu 1949 anatsika kumwera kukasaka ntchito. Anatolako thonje, anamangako nyumba, analukako madengu. Pa Tengenenge anayamba ndi kukumba miyala yoti anzake aseme, kenaka n'kuyesa yekha. Miyala yake simungaisokoneze ndi ya wina: nkhope zobulungira, maso ongong'ambika pang'ono, anthu akumwetulira, ena akuimba likhweru, mayi ndi ana atakumbatirana. Nkhondo itakula mu 1975 anasamukira ku Chitungwiza. Anamwalira mu 2011, ziboliboli zake zitafika kale ku Ulaya ndi ku Amereka.

Tsono imvani pamene pakundiwawa. Ogula kunjako luso lonseli amalitcha la Ashona. Abale athu Achishona sitikuwalanda kanthu, iwonso anasema zodabwitsa. Koma Phiri ndi Mshona? Dzina la mtundu wake linafufutika m'misika ya kutali, ndipo kuno kwawo kwa Achewa mwana wa sukulu sanamumvepo n'komwe. Wolakwa ndani? Ndife, amene sitinafunse.

Anzathu sachita choncho. Ku Romania, m'mudzi wa Hobița, munabadwa Constantin Brâncuși mu 1876. Iyenso anali mtchona: anafika ku Paris mu 1904, nakhala komweko mpaka imfa yake mu 1957. Lero amawerengedwa m'gulu la osema akuluakulu a dziko lonse, koma m'mudzi mwawomo muli kanyumba kamatabwa komukumbukira, ndipo alendo amapitako.

Musati izi n'za azungu okha. Pa Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo anthu amachoka kutali kukaona zinyawu ndi ziboliboli kumeneko. Ku Karonga anatsegula nyumba yawo yosungiramo mbiri mu 2004. Mua ndi mzinda? Nanga Mchinji walakwanji?

Pempho langa ndi laling'ono. Tipeze chipinda chimodzi pano pa boma, tichitche dzina la Fanizani Akuda. Wina anena kuti iyeyu ndi wa ku Zambia. Mafumu athu, inu mumadziwa kuti malire a pa Mwami anadula minda ndi mabanja, koma sanadule mtundu. Chaka ndi chaka mu Ogasiti timawoloka kukakulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Ngati mfumu yathu ili tsidya ilo, mmisiri wathu angalephere bwanji kukhala ndi nyumba tsidya lino?

M'chipindamo tiikemo zithunzi za ntchito zake ndi za anzake aja. Tilembere a ku Tengenenge ndi a National Gallery ya ku Harare kupempha ngakhale mwala umodzi. Pambali pake tiikepo zitupa, makalata ndi masutikesi a machona athu, zimene zikudyedwa ndi chiswe m'nyumba zathu. Aphunzitsi atume ana kukalemba zimene agogo obwerera ku Halale akukumbuka, imfa isanatilande.

Ndamva wina kumbuyoko akuti, kodi tidya ziboliboli? Ayi, sitidya. Koma galimoto zopita ku Chipata ndi ku Lilongwe zimadutsa pakhomo pathu tsiku lililonse, ndipo mlendo akaima amagula. Kuposa apo, mnyamata wosema mitondo ndi mipini adzaona kuti dzanja ngati lake linafika kutali.

Tisadikire kuti wina wa ku Lilongwe adzatiganizire. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndayamba: makalata awiri a malume anga aja ndabwera nawo, ali m'thumbamu.